Asiyeni Agogo Agwire Khasu

Kwathu ku Malosa, munthu wachikulire akayamba kuphwa manja ndi miyendo palibe amene amadabwa. Timangoti ndi ukalamba, ngati mmene timanenera kuti ndi dzinja mvula ikamagwa. Chitenje chimene chinkakwana bwino chimayamba kuzungulira kawiri, mkono wa malaya umalendewera, ndipo tsiku lina mumangoona kuti akufuna khoma kapena phewa la mwana kuti adzuke pamphasa. Ukalamba ulipo ndithu, sindikukana. Koma mawu amenewa amatseka nkhani msanga. Anthu awiri obadwa chaka chimodzi, m'mudzi umodzi, wina amakwerabe phiri la Malosa kukatola nkhuni ali ndi zaka 75, pamene mnzake sangawoloke msewu wa M3 minibasi isanamuimbire hutala kawiri. Zikanakhala zaka zokha, onsewa akanafooka mofanana.

Ine ndikuphunzira zauphunzitsi, ndipo nkhaniyi sinandipeze m'kalasi. Inandipeza kudzera mwa agogo anga aakazi, amene kwathu timati anganga. Ndi amene anandilera kuyambira ndili sitandade 2. Fizi yanga ya kusekondale ya mishoni inachokera m'manja mwawo: nandolo, chinangwa, tomato wogulitsa m'mbali mwa msewu, ndi nkhuku imodziimodzi teremu ikayandikira. Dzinja lathali anadwala chibayo ndipo anagonekedwa m'chipatala pafupifupi masabata awiri. Mankhwala anagwira ntchito, chifuwa chinatha, anawatulutsa. Koma nditafika pa holide ndinapeza kuti kuchimbudzi akumapita ndi mwana woti akawadzutse, poti akanjuta sangathenso kuimirira okha. Amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti chimbudzi chokumba chilibe pokhala kapena pogwira. Chimafuna ntchafu ndi mawondo. Kwa mayi amene analera ana ndi zidzukulu zambirimbiri, kuitana kamtsikana ka zaka 9 kuti kadzawakoke dzanja mmenemo kunawawawa kuposa chibayo chija. Anayamba kumwa madzi ochepa dala kuti asamapiteko pafupipafupi.

Abale anachita zimene aliyense wachikondi akanachita. Malume, amene ndi mwinimbumba, anagamula kuti, "Mayi atigwirira ntchito zokwanira, tsopano apume." Khasu lawo linapachikidwa, ndowa inapita kwa ana, musi ndi mtondo zinasamukira kwa mayi aang'ono. Agogo anawayalira mphasa pakhonde. Odzazonda matenda ankayamikira kuti banja ili likudziwa kusunga kholo. Ndi mwambo wabwino ndipo ndimaunyadira: mwana woleredwa bwino salola wamkulu kusenza katundu iye akuyenda chimanjamanja. Koma zimene ndakhala ndikuwerenga m'laibulale kuchokera nthawi imeneyo zandichititsa kukhulupirira kuti mphasa ija, ikakhala ya tsiku lonse, imamaliza ntchito imene matenda anaiyamba.

Kutha kwa minofu ndi mphamvu zake munthu akamakula kuli ndi dzina lake, sarcopenia. Anapereka dzinali ndi dokotala wa ku America, Irwin Rosenberg, mu 1989, kuchokera ku mawu achigiriki otanthauza kuperewera kwa mnofu. Munthu akadutsa zaka 30 amataya pakati pa 3 ndi 8 peresenti ya minofu yake pa zaka 10 zilizonse, ndipo akapitirira zaka 60 liwiro limawonjezeka. Mphamvu zimatha msanga kuposa kukula kwa mnofuwo. Oyamba kupita ndi minofu yochita zinthu mwachangu, ija imakugwira ukapunthwa pamwala, n'chifukwa chake okalamba amagwa pamalo pamene ife tingangodzandira n'kuseka. Akatswiri a ku Ulaya anagwirizana miyezo yosavuta yodziwira kuti zafika poipa: dzanja lofinya mphamvu yosafika makilogalamu 27 kwa bambo kapena 16 kwa mayi, kapena kutenga masekondi opitirira 15 kudzuka ndi kukhala pampando kasanu osagwira paliponse. Muyezo wachiwiriwu sufuna makina. Mpando ndi wotchi ya pafoni basi.

Mbali imene inandigwira mtima ndi ya chitetezo cha m'thupi. Tonse timadziwa zimene zimachitika minga ikakubaya: pamalopo pamatupa, pamatentha, pamapweteka. Asilikali a m'thupi athamangira pamenepo, ndipo ntchito ikatha amabwerera. Madokotala amati inflammation, ndipo imeneyi ndi yabwino. Popanda iyo kabala kakang'ono kangatiphe. Koma pali mtundu wina wosaoneka. Palibe chotupa, thupi silitentha, munthu sanena kuti akudwala, koma m'magazi muli timadzi totumiza uthenga wa nkhondo tochuluka pang'ono kuposa muyezo wake, chaka ndi chaka. Todziwika kwambiri ndi IL-6 ndi TNF-alpha, komanso CRP amene chiwindi chimapanga chikalandira uthenga wa IL-6. Mu 2000 katswiri wa ku Italy, Claudio Franceschi, anautcha mkhalidwe umenewu inflammaging, polumikiza mawu a kutupa ndi a kukalamba. Wa ku Malosa aliyense anaonapo uvuni wa makala m'phiri, ngakhale a zankhalango amaletsa. Lawi suliona. Umangoona kautsi kakufuka pamulu wa dothi kwa masiku angapo, koma akafukula, mtengo uja palibenso.

Mmene motowu umadyera mnofu ndi motere. Mnofu si nyama yongokhala. Tsiku lililonse thupi limagumula mbali ina n'kumanga yatsopano, ndipo mwa wachinyamata zogumula ndi zomanga zimalingana. TNF-alpha ndi IL-6 zikakhalitsa m'magazi zimasokoneza mbali zonse ziwiri. Zimatsegula njira zimene selo limaphwanyira mapuloteni ake, ndipo zimagonthetsa mnofu kuti usamve bwino uthenga wa insulin ndi wa chakudya, umene umauuza kuti umange. Choncho dzira limene mwa ine lingasanduke mnofu mosavuta, mwa agogo limangogwira ntchito pang'ono. Maselo okonza mnofu ukavulala nawonso amachita ulesi. Kuwonjezera apo, timadzi tomweti timapha chilakolako cha chakudya. Thupi silichita izi mwamisala. Pa matenda aakulu limabwereka mapuloteni ku minofu kuti lipangire zida zankhondo. Ngongole ya sabata imodzi imabwezeka. Ya zaka 20 ndi imene imasiya munthu mafupa okhaokha.

Nkhaniyi ili ndi mizu ku Africa konkuno. Dzina lina lakale la TNF-alpha ndi cachectin, kutanthauza chowondetsa. Anthony Cerami wa ku Rockefeller University ku New York anayamba kufunafuna chowondetsacho ataona ng'ombe za ku Kenya zodwala matenda ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe zikuwonda modetsa nkhawa. Mu 1985 iye ndi Bruce Beutler anasonyeza kuti chimapangidwa ndi thupi la wodwala lomwelo, ndipo ndi TNF yemweyo. Kenako ku Amsterdam anatsatira okalamba pafupifupi 1,000 kwa zaka zitatu, ndipo zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2006, zinali zoti amene anali ndi IL-6 kapena CRP wokwera anali pachiopsezo chowirikiza kawiri kapena katatu chotaya zoposa 40 peresenti ya mphamvu ya dzanja.

Tsono n'chiyani chimakoleza motowu? Mabuku a ku Ulaya amaloza mafuta a pamimba, fodya, matenda a shuga, ndi maselo okalamba amene sagawikananso koma safa, amangokhala n'kumatulutsa uthenga wa nkhondo. Izi kwathu ziliponso, makamaka m'tauni ya Zomba kumene shuga ndi BP tsopano ndi nkhani ya banja lililonse. Koma ife tili ndi nkhuni zathu zowonjezera. Mayi wa zaka 70 ku Malosa wapuma utsi m'khitchini yopanda windo kuyambira ali namwali. Malungo wadwala kosawerengeka. Ngati anakulira cha ku nyanja ya Chilwa kapena m'minda ya mpunga ya ku Domasi, likodzo amalidziwa. Ambiri ali ndi chiseyeye ndi mano obooka amene sanaonedwepo ndi dokotala, ena anadwalapo TB. Palinso gulu latsopano limene makolo athu sanalione: boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo amene anayamba kumwa ali ndi zaka 40 lero adutsa 60. Mankhwalawa anawapulumutsa ndipo ayenera kumwedwa mosadumphitsa, koma ngakhale kachilombo kagonjetsedwe m'magazi, chitetezo chimatsala chili maso pang'ono, ndipo kufooka kumatha kubwera msanga.

Kuti Amalawi amafooka msanga si nkhani yongomva. Kafukufuku wotchedwa Malawi Longitudinal Study of Families and Health wakhala akutsatira mabanja a kumudzi ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi kuyambira 1998. Mu 2013 ofufuza ake, Collin Payne, James Mkandawire ndi Hans-Peter Kohler, analemba kuti mayi wa zaka 45 angayembekezere kukhala zaka zina 28, koma 58 peresenti ya zaka zimenezo adzakhala akulephera kugwira bwino ntchito zina za tsiku ndi tsiku. Kwa bambo chiwerengerocho chinali 41 peresenti ya zaka 25. Balaka ndi pafupi ndi kwathu, kungodutsa Liwonde. M'dziko limene ambiri alibe penshoni, ndipo Mtukula Pakhomo safikira aliyense, minofu ndiyo banki ya munthu wokalamba.

Pali kafukufuku wina amene amandiletsa kunena kuti moto wofukawu ndi chigamulo cha aliyense wokalamba. Mu 2025 magazini ya Nature Aging inayerekeza anthu a ku Italy ndi Singapore ndi magulu awiri okhala moyo wakumudzi, a Tsimane a ku Bolivia ndi a Orang Asli a ku Malaysia. Ku Italy ndi ku Singapore zizindikiro za inflammation zinkakwera limodzi ndi zaka, ndipo zinkayendera limodzi ndi matenda okhalitsa. Kwa enawo zinali zokwera kale chifukwa cha tizilombo, koma sizinkakwera ndi zaka mwanjira yomweyo. Kwa ine izi zikunena kuti si kalendala yokha imene ikulamula. Malo ndi mmene munthu akukhalira zili ndi mawu. A Tsimane amadziwika kuti amayenda ndi kugwira ntchito yamanja mpaka ukalamba, ndipo ndimaganiza kuti zimenezi sizinangochitika pamodzi mwangozi.

Apa ndi pamene mphasa ya agogo ikulowera. Mu 2007 Patrick Kortebein ndi anzake ku America anagoneka pabedi okalamba athanzi, a zaka pafupifupi 67, kwa masiku 10 okha. Ankadya mokwanira ndipo sankadwala. Anataya pafupifupi kilogalamu imodzi ya mnofu wa m'miyendo. Masiku 10, munthu wosadwala! Agogo anga anagona masabata awiri, ali ndi chibayo chimene chinakoleza moto uja kwambiri, akudya phala lokha, kenako anabwera kunyumba kudzapumanso miyezi.

Chosangalatsa n'chakuti mnofu suli wodyedwa chabe. Nawonso umazimitsa moto. Bente Klarlund Pedersen ndi anzake ku Copenhagen anapeza kuti mnofu ukamagwira ntchito umatulutsa timadzi take m'magazi, timene anatitcha myokines mu 2003. Chodabwitsa, kamodzi mwa timeneti ndi IL-6 yemwe uja. Koma akatuluka mumnofu wogwira ntchito amakwera kanthawi kochepa n'kutsika, ndipo amadzutsa timadzi tina toziziritsa chitetezo ndi kuchepetsa TNF-alpha. Ndiye kuti pali gudumu: moto umadya mnofu, mnofu wochepa umachititsa munthu kukhala pansi, kukhala pansi kumachotsa chozimitsira moto. Gudumuli lingathenso kuzungulira mobwerera. Mu 1990 Maria Fiatarone ku Boston anatenga okalamba 10 ofooka a m'nyumba yosungira okalamba, a zaka pakati pa 86 ndi 96, n'kuwaphunzitsa kunyamula zolemera ndi miyendo katatu pa sabata. Patatha masabata 8, mphamvu za amene anamaliza zinali zitakwera ndi 174 peresenti, ndipo ena anasiya ndodo. Agogo anga sanafike n'komwe zaka 80.

Sindikunena kuti tiwatume okalamba kukasenza mitolo ya nkhuni kuchokera ku Chawe mpaka ku Chinamwali. Ntchito yothyola msana, yogwira munthu ali ndi njala, imawononganso, ndipo azimayi ambiri amene timakumana nawo mumsewu wotsika m'phiri la Zomba sakuchita masewera olimbitsa thupi, akuthawa njala. Chimene mnofu umafuna ndi katundu woti ulimbane naye pang'ono, pafupipafupi, wowonjezeka pang'onopang'ono, ndi mpumulo pakati pake. Kumudzi zida zake zilipo kale: kusinja pang'ono, kupalira mizere iwiri m'mawa dzuwa lisanakwere, kuyenda kupita ku chigayo, kudzuka pampando kangapo motsatizana.

Koma mnofu sumangidwa ndi mphepo. Akatswiri a gulu la PROT-AGE analangiza mu 2013 kuti munthu wopitirira zaka 65 azidya mapuloteni pakati pa galamu 1.0 ndi 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake tsiku lililonse, kuposa wachinyamata, chifukwa cha kugontha kwa mnofu kuja. Kwa munthu wolemera makilogalamu 50 amenewo ndi magalamu 50 mpaka 60. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6. Tsono onani mbale ya agogo ambiri: tiyi ndi mbatata m'mawa, nsima ndi masamba owiritsa masana, madzulo chimodzimodzi. Ndiwo zabwino zikapezeka amakankhira kwa zidzukulu, amati, "Idyani inu, ine ndinadya kale zanga." Mano akaguluka amasiya mtedza wokazinga ndi chilichonse cholimba. Zinthu zofunika sizili kutali: nyemba zofutsa mpaka kufewa, chipere, nandolo, soya wosakaniza mu ufa wa phala, nsinjiro m'masamba, chambiko, mazira, ndipo kwa amene amadya nsomba, matemba kapena usipa wosinja. Ambiri a ife pakoleji pano timadziwa kuphika popanda nyama, choncho tilibe chowiringula. Chovuta si kupeza, ndi kuonetsetsa kuti zalowa m'kamwa mwa agogo osati mwa mdzukulu, ndiponso kuti zagawidwa pa chakudya chilichonse, osati madzulo okha. Amene ali ndi vuto la impso ayambe afunsa kuchipatala asanawonjezere.

Wina akamva za kutupa athamangira ku golosale kukagula Brufen kapena Indocid kuti agogo azimwa tsiku lililonse. Ayi. Mapiritsi amenewa akamwedwa nthawi yaitali amaboola m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka mwa okalamba, ndipo palibe piritsi lovomerezeka lochiza sarcopenia. Chanzeru n'kuchotsa nkhuni pamoto: kuchiza dzino ndi nkhama, kugona m'masikito, kuphikira pamalo odutsa mphepo kapena pa chitetezo mbaula, kusiya fodya, kumwa mankhwala a shuga ndi ma ARV mwandondomeko. Ndipo munthu wokalamba akamawonda mofulumira, kutsokomola kosatha kapena kutuluka thukuta usiku, amenewo si mawu oti ukalamba. Apite akayezetse TB, HIV, shuga ndi zina. Ku Malosa chipatala cha St Luke's chili pomwepo, ndipo Zomba Central si kutali.

Anzanga amene tikuphunzira zauphunzitsi, nkhaniyi idzatipeza m'kalasi ngakhale tisaifune. Ana ambiri amene tidzawaphunzitse akuleredwa ndi agogo awo. Agogo akalephera kudzuka, mtsikana wa sitandade 7 ndi amene amajomba kuti akatunge madzi, ndipo m'kaundula timangolemba kuti sanabwere. M'maphunziro a sayansi timaphunzitsa magulu 6 a zakudya ngati kuti ndi a ana ndi amayi oyembekezera okha, ndipo za minofu timathera pa kujambula mkono wopinda. Mphunzitsi angathe kupatsa ana ntchito yakunyumba yoti akawerenge masekondi amene agogo awo amatenga kudzuka pampando kasanu, mpando utatsamira khoma, munthu wamkulu ali pafupi. Masamu alimo, sayansi ilimo, ndipo uthenga umafika pakhomo osadzera pa msonkhano.

Kwathu nkhaniyi inali yovuta kuikamba kuposa kuiwerenga. Mdzukulu wa zaka 20 sangangodzuka n'kutsutsa mwinimbumba, ngakhale atanyamula mabuku angati. Ndinadzera mwa mayi aang'ono, iwo anakamba ndi malume, ndipo malume anandiitana. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Iwe, anthu akawaona mayi ali ndi khasu adzati ana awo anapita kuti?" Funso limenelo ndi lenileni, ndipo palibe kafukufuku wa ku Boston amene angaliyankhe. Manyazi a banja amalemera kuposa ndowa. Amene anamasula mfundoyo ndi agogo eni ake, amene ankamva zonse ali pamphasa paja. Anati, "Mwananga, kodi ukufuna anthu andione ndili ndi khasu, kapena andione akundinyamula kupita kuseri?"

Tinagwirizana pakati. Khasu lalikulu likadali pomwe linapachikidwa, koma kakhasu ka m'dimba kanatsika, ndipo bedi la mpiru ndi chisoso kuseri kwa nyumba ndi lawo. Msuweni wanga anakhomera nsungwi yolimba m'chimbudzi yoti azigwira, ndipo kamtsikana kaja sikaitanidwanso. Dzira la m'mawa mayi aang'ono amalipereka ana atapita kale kusukulu. Madzi amatunga pa mjigo ndi kachigubu ka malita 5, kamodzi patsiku, mwana akuyenda pambali pawo ndi ndowa yaikulu. Malume akabwera kuchokera ku Zomba Loweruka madzulo kachigubuko kamabisidwa kuseri kwa nkhokwe, ngakhale ndikukhulupirira kuti anakaona kale. Pafoni sabata yatha agogo anandiuza kuti akufuna chigubu cha malita 10 mvula isanayambe, ndipo andituma kuti ndikawakambire ndine.